Tchizi cha buluu: mmene mungachilawire musanachikane

Tchizi cha buluu chimagawa anthu pakati. Ena akangofutukula pepala n'kumva fungo lake amameza malovu, ena amakwinya nkhope n'kunena kuti chinaola kalekale. Ambiri amene amachikana anayambira pa mtundu waukali kwambiri, anachidya chili chozizira chongochoka m'furiji, ndiponso analuma chidutswa chachikulu. Zitatu zonsezi n'zotheka kuzikonza.

Nkhungu yobiriwira imene mumaiona mkatimo ndi Penicillium roqueforti, ndipo opanga amaithira dala mumkaka. Tchizi chikaumbidwa amachibaya ndi singano zazitali zachitsulo kuti mpweya ulowe, chifukwa nkhunguyi siikula popanda mpweya. N'chifukwa chake mukachidula mumaona timizere towongoka mmene munadutsa singano. Nkhunguyo ikamakula imaphwanya mafuta a mumkaka, ndipo fungo lakuthwa lija limachokera pamenepo. Pa zinthu zimene zimatuluka pali asidi wotchedwa butyric, yemweyo amene amanunkha mu batala wovunda. Choncho munthu akanena kuti fungolo likumuchititsa nseru sakunama ayi, mphuno yake ikumva zenizeni. Chimene sanamvebe ndi kukoma kumene kumabisala kuseri kwa fungolo.

Poyamba sankhani mtundu wofatsa. Cambozola cha ku Germany n'chofewa, chonona, ndipo nkhungu yake ndi yochepa. Gorgonzola cha ku Italy chili pawiri: dolce, chimene chimakhwima masiku osachepera 50, n'chofewa moti mutha kuchipaka ndi supuni, pomwe piccante chimakhala masiku osachepera 80 ndipo n'cholimba komanso chimaluma palilime. Werengani bwino pa pepala, chifukwa anthu ambiri amagula piccante akuganiza kuti Gorgonzola n'chimodzimodzi. Fourme d'Ambert cha ku France nachonso n'chabwino kwa woyamba.

Mukazolowera zimenezi pitani pa Stilton cha ku England, chimene chimapangidwa m'madera atatu okha, Derbyshire, Leicestershire ndi Nottinghamshire. Chimenechi chimanyenyeka podula ndipo chimakoma ngati mtedza wokazinga. Danablu cha ku Denmark chimapezeka mosavuta, koma mchere wake ndi wambiri ndipo n'chakuthwa, moti si chanzeru kuyambira pamenepo. Roquefort chisungireni kumapeto. Chimapangidwa ndi mkaka wa nkhosa za mtundu wa Lacaune, chimakhwimira m'mapanga a phiri la Combalou ku Roquefort-sur-Soulzon ku France, ndipo sichigulitsidwa chisanathe masiku 90. Dzina lake linatetezedwa ndi lamulo m'chaka cha 1925. N'chokoma zedi, koma kwa munthu wosazolowera n'chaukali. Cabrales cha ku Asturias ku Spain chimaposanso pamenepo.

Kalawidwe kake ndi kamene kamasintha zinthu kwambiri. Chitulutseni m'furiji mphindi 30 mpaka 60 musanadye, chili chovundikira kuti chisaume. Chikazizira mafuta ake amalimba, ndiye lilime limangomva mchere ndi kuwawa basi. Chikafunda pang'ono mafutawo amafewa n'kuphimba ukali uja. Dulani kachidutswa kosaposa nsonga ya chala, magalamu 5 kapena kucheperapo, ndipo yambani ndi mbali yoyera imene ilibe nkhungu yambiri. Pafupi ndi khungu lakunja pewanipo kaye, chifukwa m'pamene fungo limakula. Musatafune mofulumira. Kaikeni palilime, kakanikizeni kum'kamwa, kasungunuke kokha.

Kenako lawaninso ndi chotsekemera. Dontho limodzi la uchi pamwamba pa kachidutswako limachepetsa mchere ndi kuwawa nthawi imodzi. Kagawo ka apozi, mphesa kapena nkhuyu zouma zimagwira ntchito yomweyo. Buledi akhale wamba, wopanda mchere wambiri. Okonda vinyo amadziwa kuti wotsekemera ndiye amagwirizana nacho, monga vinyo wa Port podya Stilton kapena wa Sauternes podya Roquefort. Vinyo wofiira wowuma kukamwa nthawi zambiri amasiya kakomedwe ngati ka chitsulo, ndipo munthu amaimba mlandu tchizi.

Ngati chachiwisi chakukanikanibe, chiphikeni. Tenthetsani kirimu mamililita 200 pa moto wochepa, nyenyeranimo tchizi magalamu 60, n'kumatakasa mpaka chisungunuke. Msuziwu usabwadamuke, chifukwa moto ukachuluka mafuta amalekana n'kuyandama pamwamba. Mchere musathire musanalawe, tchizicho chili nawo kale wokwanira. Njira ina ndi kusakaniza magalamu 50 a tchizi ndi magalamu 100 a batala wofewa wopanda mchere, kukulunga m'pepala, kuika m'furiji, n'kumadulako kagawo koika pa nyama yowotcha ikadali yotentha.

Kusunga molakwika kumaipitsa tchizi chabwinobwino. Mukachikulunga m'pulasitiki yothina chimachita thukuta, chimayamba kuterera, ndipo fungo la amoniya limakula. Chikulungeni m'pepala la phula kapena lofundira tchizi, kenako m'foyilo mosamanga kwambiri, n'kuchiika m'kontena yakeyake m'furiji, pa madigiri pafupifupi 4. Kontenayo imateteza zakudya zina ku fungo komanso ku nkhungu, imene imafalikira mosavuta pa tchizi china. Gulani chochepa, chokwanira sabata imodzi kapena ziwiri. Choumitsa mufiriza chimanyenyeka ndipo chimangoyenera kuphikira.

Nanga chinthu chankhungu kale mungadziwe bwanji kuti chawonongeka? Nkhungu yabwino imakhala mkati, yobiriwira kapena yabuluu, ndipo mbali yoyera imaoneka yoyera kapena yachikasu pang'ono. Mukaona mawanga apinki kapena akuda, ubweya wotuwa pamwamba, kuterera, kapena fungo la amoniya loluma m'mphuno limene silichoka ngakhale mutachisiya poyera kwa mphindi zingapo, chitayeni chonse.

Amayi oyembekezera amalangizidwa kupewa tchizi cha buluu chofewa chifukwa cha tizilombo ta Listeria, pokhapokha chitaphikidwa mpaka kutentha kwambiri n'kutuluka nthunzi. Amene akumwa mankhwala a gulu la MAOI (ena mwa mankhwala a matenda ovutika maganizo) asamale ndi tchizi chilichonse chokhwima, chifukwa chili ndi chinthu chotchedwa tyramine chimene chingakweze kuthamanga kwa magazi. Odwala BP akumbukire mchere uja.

Alipo ena amene adzalawa dolce chofunda bwino ndi uchi n'kukanabe. Amenewo musawakakamize. Mukamakonzera alendo, werengerani magalamu 25 mpaka 30 pa munthu, ikani cha buluu pa mbale yakeyake ndi mpeni wakewake, patali pang'ono ndi tchizi china, kuti wosachikonda asachipeze chitapakika pa chimene akudya.