Poika maso mukamaonera ballet ya ku Russia

Tsiku loyamba nditatsegula gule wa ballet wotchedwa Swan Lake pa foni, ndinapirira mphindi makumi awiri n'kutseka. Ndinkangoona anthu ovala zoyera akuzungulira pansonga za zala, osadziwa poika maso. Chinandithandiza n'kusiya kufunsa nkhani yake, n'kuyamba kufunsa kuti apa wagwira ntchito ndani. Gule ameneyu samangidwa ndi munthu mmodzi. Pali wopeka nyimbo, wokonza mavinidwe, ndiponso wojambula zovala ndi bwalo. Mukazolowera dzanja la aliyense, maso amapeza pogwira.

Musayambe ndi gule wathunthu. Sakani kachigawo ka La Bayadère kotchedwa Kingdom of the Shades, kamene Marius Petipa anakonza ku St Petersburg mu 1877 pa nyimbo za Ludwig Minkus. Zimitsani mawu kaye. Atsikana akutsika potsetsereka mmodzimmodzi: kuponda, kukweza mwendo kumbuyo, kupendekera chagada, kupondanso, mpaka bwalo litayera mbee. Inu yang'anani woyambirirayo. Amene uja wabwereza kavinidwe komweko kambirimbiri kuposa anzake onse, koma mwendo wake uyenera kufika pomwe wafika wa wotsiriza amene sanatope. Mukaona zimenezo mwamudziwa Petipa: mizere, chiwerengero, dongosolo. Mkuluyu anali Mfalansa wa ku Marseille, anafika ku Russia mu 1847, ndipo anapeza sukulu ya gule ilipo kale, imene Mfalansa mnzake Jean-Baptiste Landé anatsegula mu 1738 mwa chilolezo cha Mfumukazi Anna.

Kenako chitani mosinthanitsa. Tsegulani Rose Adagio ya mu The Sleeping Beauty, mutsinzine, mumvere nyimbo yokha. Gule ameneyu anatuluka ku bwalo la Mariinsky ku St Petersburg mu 1890, ndipo amene anakumaniza Petipa ndi wopeka nyimbo Tchaikovsky ndi mkulu wa mabwalo a mfumu, Ivan Vsevolozhsky, yemwenso anajambula zovala zake. Petipa ankamulembera Tchaikovsky kuti apa nyimbo italike chonchi, ithamange chonchi, iime apa. Munthu angaganize kuti wopeka nyimbo wamkulu chotero akanakana kulamulidwa, koma iye anagwira ntchito ngati woimba ng'oma amene maso ake ali pa phazi la wovina. Tsopano tsegulani maso muonerenso. Mwana wamkazi wa mfumu, Aurora, waima pa mwendo umodzi, akalonga anayi akumugwira dzanja mosinthana, ndipo pamene mmodzi wasiya wina asanagwire, mtsikanayo ali yekha mlengalenga. Mudzamva kuti nyimbo ija imakwera ndendende pamene iye akufunika mphamvu.

Mukafika apa mwakonzeka kuonera Swan Lake yonse, koma muionere muli ndi ntchito: kusiyanitsa manja awiri. Guleyu, amene nyimbo zake anapekanso Tchaikovsky, anayamba kuvinidwa ku bwalo la Bolshoi ku Moscow mu 1877, ndi mavinidwe a Julius Reisinger amene sanakhalitse. Amene dziko likudziwa lero anabadwa mu 1895, Tchaikovsky atamwalira kale mu 1893. Zigawo za kunyumba ya mfumu anakonza ndi Petipa, za kunyanja anakonza ndi womuthandiza wake, Lev Ivanov. Kunyumba ya mfumu mudzaona luso loonetsera, monga kuzungulira maulendo 32 kumene Pierina Legnani wa ku Italy anatchuka nako. Awerengeni ndithu, ambirife timatero. Kunyanja musawerenge kanthu. Yang'anani mikono, khosi ndi msana, mmene mtsikana wosandulika mbalame akunjenjemerera mwamuna akamuyandikira. Ine mtima wanga uli kwa Ivanov. Anagwira ntchito moyo wake wonse mumthunzi wa Petipa, ndipo ngakhale The Nutcracker ya 1892 anaikonza ndi iyeyo bwana wake atadwala, koma dzina lake ndi ochepa amalitchula.

Chenjezo laling'ono: musanatsitse kanema, werengani kuti ndi mavinidwe a yani. Gulu lililonse lili ndi Swan Lake yakeyake. Mu ya 1895 okondanawo amafa, pomwe mu imene Konstantin Sergeyev anakonza ku Leningrad (St Petersburg yemweyo) mu 1950 amapulumuka. Ndipo mvererani ndi zam'khutu, chifukwa sipika ya foni imameza zoimbira za mawu otsika.

Tsopano chokani ku Russia mupite ku Paris. Sergei Diaghilev sankavina, sankapeka nyimbo za magule ake, sankajambula. Luso lake linali lodziwa kuti uyu ndi uyu akakumana patuluka chinthu. Gulu lake la Ballets Russes linayamba mu 1909 n'kutha iye atamwalira ku Venice mu 1929, ndipo silinavinepo ku Russia. Ndiye amene anapatsa mnyamata Igor Stravinsky ntchito yopeka nyimbo za The Firebird ya 1910, ndi Michel Fokine ngati wokonza mavinidwe. Onerani Petrushka ya 1911 kuti muone zimene Fokine ankalimbana nazo: chidole cha utuchi, mawondo olozana, manja olendewera, chilichonse chikunena za chisoni chake, popanda kuima kuti anthu aombe m'manja.

The Rite of Spring muionere pambuyo pa zonsezi, apo ayi simudzamvetsa chimene chinakwiyitsa anthu ku Théâtre des Champs-Élysées pa 29 Meyi 1913. Maso awo anazolowera mapazi oloza kunja ndi matupi opepuka. Wokonza mavinidwe ake, Vaslav Nijinsky, anawapatsa mapazi oloza mkati, kupondaponda kolemera, ovina atavala mikanjo ya Nicholas Roerich. Phokoso la oonera linakula mpaka Nijinsky anachita kufuula chiwerengero ali m'mbali mwa bwalo kuti ovina asasokere. Mavinidwe akewo anatayika. Amene mungapeze ndi amene Millicent Hodson ndi Kenneth Archer anatoleratolera, gulu la ku America la Joffrey Ballet n'kuwavina mu 1987.

Gule amene ndimabwererako kawirikawiri ndi Les Noces wa 1923, wokonzedwa ndi mchemwali wake wa Nijinsky, Bronislava Nijinska. Ndi ukwati wa kumudzi ku Russia. Stravinsky anaika mapiyano anayi, ng'oma ndi oimba pakamwa, Natalia Goncharova n'kuveka onse zofiirira ndi zoyera basi. Palibe womwetulira. Onerani chigawo choyamba kawiri. Atsikana agwira zingwe zazitali za tsitsi la mkwatibwi, kenako akusanjikiza mitu yawo wina pamwamba pa mnzake, mkwatibwi n'kutsamiritsa wake pamwamba penipeni. Ulendo wachiwiriwo musayang'ane gulu, yang'anani nkhope yake yokha.