Kupanga mapapo a nsalu oonetsa utsi wa m'tauni ya Mangochi

Mufunika waya wolimba wa mamita 6, waya wa khola la nkhuku, nsalu yoyera ya thonje ya mamita 3, thabwa lalikulu ndi Vaseline. Pindani wayawo kukhala mapapo awiri, lililonse lotalika mita imodzi, muwakute ndi waya wa khola, kenaka musokerepo nsalu ndi kukhomera pa thabwa.

Phapo limodzi lokha ndilo lizikhala poyera, kuti lizida ndi fumbi ndi utsi. Linalo muliphimbe ndi pulasitiki yoonekera mkati, kuti odutsa azifananitsa okha. Popanda limeneli anthu amangoti nsaluyo inali yakuda kale.

Pakani Vaseline pansaluyo mopyapyala kwambiri kuti fumbi ndi mwaye zizikakamira. Mukachulutsa, dzuwa la mu Okutobala limasungunula mafutawo, amachucha n'kusiya mizere yonyansa.

Malo abwino ndi pafupi ndi depoti, m'mbali mwa msewu wopita ku mlatho wa Bakili Muluzi, kapena kumadoko kumene amawamba nsomba. Pemphani kaye chilolezo ku khonsolo kapena kwa amfumu. Mapapowo akhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, msinkhu wa mphuno ya munthu. Mitengo yochirikiza muikwirire theka la mita, chifukwa mwera ukawomba thabwalo limagwa. Yambani mu Ogasiti mvula isanabwere, ndipo muzijambula chithunzi sabata iliyonse, nthawi yofanana.

Pachikwangwani lembani m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo munene zoona: nsaluyi imagwira fumbi looneka. Tinthu tating'ono kwambiri ta mu utsi, totchedwa PM2.5, timene timalowa mpaka m'magazi, timafuna makina oyezera.