Mapointi okha salowetsa mwana ku yunivesite

Chaka chino zabwereranso zomwe zija. Zotsatira za MSCE zitangotuluka ku MANEB foni yanga sinapume, ndipo funso linali limodzi: "Aphunzitsi, mwana wapeza mapointi 16, alowa?" Pa makolo onse amene anandiimbira, palibe amene anayamba ndi kundiwerengera magiredi a phunziro lililonse. Ndikafunsa kuti Masamu wakhoza bwanji, pafoni pamakhala zii, kenako ndimve "tadikirani ndimufunse". Ndiye mayina a osankhidwa akadzatuluka, anthu omwewa adzabweranso maso ali psuu, kuti pachitika zachinyengo, popeza mwana wa aneba wa mapointi 21 watengedwa pamene wawo wa 16 watsala pakhomo.

Ine ndikapempha kuti andionetse zimene mwanayo analemba pa fomu yofunsira malo ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, chinyengocho nthawi zambiri sindichipeza. Ndimapeza mwana amene anafunsira makosi amene sakanamutenga ngakhale akanakhala yekha m'dziko muno wofunsira.

Mapointi ndi kuphatikiza chabe kwa magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, kuphatikizapo Chingerezi. Sanena kuti maphunziro enawo ndi ati. Ana awiri atha kukhala ndi mapointi 15 onse, wina wawapeza m'Masamu, Physics, Chemistry ndi Biology, mnzake wawapeza m'Chichewa, Bible Knowledge, History ndi Geography. Onse ndi anzeru, onse akhoza, koma makomo amene angalowe ndi osiyana. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo imafuna kirediti, ndiye kuti giredi 6 kapena yoposa apo kukoma. Giredi 7 ndi 8 ndi pasi basi. Ndatopa nako kubwereza zimenezi. Mwana wa 7 m'Masamu sanalephere Masamu, koma pa kosi yofuna kirediti ya Masamu ali chimodzimodzi ndi amene sanalembe n'komwe. Dzina lake limachotsedwa mapointi ake asanayang'anidwe.

Tsono taonani zimene ana athu amalemba. Udokotala ku KUHeS, pamene Chemistry ndi Physics anazisiya ali Folomu 3. Uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, Masamu ali ndi 7. Ena amathamangira ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda, poganiza kuti popeza Agriculture ali ndi 2 ndiye kuti ku Bunda ndi kwawo, osadziwa kuti makosi ambiri kumeneko ndi a sayansi ndipo amafunsa za Biology ndi Masamu. Palinso gulu la "ine ndikufuna Law", limene limasakasaka kosiyo pa fomu osaipeza, chifukwa kwa zaka zambiri ku Chancellor College, imene lero ndi University of Malawi, munthu salowa zamalamulo kuchokera ku Folomu 4, amayamba kaye waphunzira kosi ina. Malo onse osankha pa fomu amathera m'makosi otere, ndipo mwana amatumiza fomuyo akumwetulira, poti mapointi ali nawo.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina pa njinga, mlimi wa soya ndi mtedza, munthu amene ndimamudziwa kuti m'munda sachita zinthu mwachisawawa. Pepala la zotsatira za mwana wake wamkazi analikulunga m'jumbo ya shuga kuopa mvula, n'kuliika m'thumba la malaya. Analitambasula patebulo ndi manja onse awiri. Chingerezi 3, Chichewa 2, Bible Knowledge 2, Geography 2, History 3, Agriculture 3. Mapointi 15. Biology 5, Masamu 7, Physics ndi Chemistry kulibe. Mtsikanayu analemba mayeso chaka chatha, anafunsira malo, sanatengedwe. Bamboyo anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya fomu, ya thiransipoti yopitira ku boma ndi yolipira mnyamata wa pa kompyuta. Makosi onse amene anasankha anali a zachipatala.

Ndinati, "Bambo, inu pogula mbewu ya chimanga simufunsa kodi kuti imacha masiku angati, ndipo ikufuna nthaka yotani?"

Anaseka. "Zimenezo ndiye ndimafunsa, aphunzitsi, mpaka wogulitsa amanyansidwa nane. Koma za sukuluzi ndinasiyira amalume ake a ku Lilongwe. Iwo ndiye anaphunzira. Anati mapointi 15 ndi a udokotala."

Kenaka anayamba kundifotokozera za mbuzi ija, kuti inali yaikazi ndipo inali ndi bere, kuti wogula anamudyera masuku pamutu chifukwa anaona kuti ali pachangu, kuti akanadikira mpaka Khirisimasi akanapezapo ndalama ya thumba la feteleza. Tinakhala pa nkhani ya mbuziyo nthawi yaitali ndithu, ndipo sindinamudule, chifukwa mtengo weniweni wa kulakwitsa kumeneku ndi umenewo. Mtsikana wa 3 m'Chingerezi ndi 2 m'Chichewa akanafunsira uphunzitsi wa ziyankhulo ku Zomba kapena ku Mzuzu bwenzi ali ndi mwayi wooneka. M'malo mwake wakhala chaka chathunthu akutunga madzi ndi kuswa mtedza, ndipo bamboyo ananditsina khutu potuluka kuti kwayamba kubwera mnyamata wina wa pa msika madzulo.

Amalume a m'tauniwa ndilibe nawo chifukwa, amafunira ana zabwino. Vuto ndi lakuti amalangiza za dziko limene linatha. Ambiri anaphunzira nthawi imene Physical Science inali phunziro limodzi, pamene lero Physics ndi Chemistry ndi maphunziro awiri, lililonse ndi giredi yake. Akamati "Poly", "College of Medicine" kapena "KCN" amaganiza kuti zonsezo zikadali pansi pa University of Malawi, chonsecho kuyambira 2021 Polytechnic ndi MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Mayunivesite a boma tsopano alipo asanu ndi imodzi, makosi achuluka, ena mayina ake amalumewo sanawamvepo. Nanga munthu wotere angauze mwana chiyani choposa "lemba udokotala, ukapanda kutero lemba uinjiniya"? Ndipo mwana wa kwathu kuno satsutsa amalume, makamaka amene anamulipirira fizi.

Koma chala ndisangoloza kwa amalume okha. Ife aphunzitsi tili ndi mlandu waukulu kuposa iwo. Chidziwitso cha NCHE chikatuluka, chokhala ndi mndandanda wa makosi ndi zofunika pa kosi iliyonse, m'sukulu zambiri chimakathera mu dirowa ya ofesi, kapena m'foni ya mphunzitsi mmodzi amene anachilandira pa WhatsApp n'kuiwala. Ana a Folomu 4 apita kale kwawo, a Folomu 3 akuti nthawi yawo sinakwane. Apa ndi pamene pamandipsetsa mtima kwenikweni, chifukwa mtsikana wa m'jumbo ya shuga uja sanalakwitse tsiku lolemba fomu. Udokotala anautaya ali Folomu 3, tsiku limene anasiya Physics ndi Chemistry, ndipo palibe amene anamuuza kuti akutseka khomo. Mwinanso anauzidwa kuti akuchita bwino. Timadziwa tonse mmene zimakhalira: sukulu ilibe labotale yooneka, mphunzitsi wa sayansi ndi mmodzi, ndiye ana amalimbikitsidwa kutenga maphunziro "ofewa" kuti mapointi atsike ndipo sukulu itchuke kuti inakhozetsa. Mapointi amatsikadi. Mwambo wa mphatso umachitika, makolo amavina. Patatha miyezi ingapo mwana ali pakhomo ndi satifiketi yokongola imene sikugwirizana ndi chimene mtima wake unkafuna.

Sindikunena kuti aliyense atenge sayansi. Dziko likufunanso aphunzitsi a Chichewa, atolankhani, akatswiri a mbiri. Ndikunena kuti wosiya Physics aisiye akudziwa chimene wasiya, osati adzazindikire ali pa mzere wa pa kompyuta ku boma.

Za mnyamata wa pa kompyuta uja ndinenepo pang'ono, poti naye ali m'gulu la alangizi masiku ano. Iye amalipidwa pa fomu iliyonse imene watumiza, ndipo kunja kuli mzere. Mwana akangokakamira pang'ono posankha, amamuuza kuti "anzako onse akulemba izi" n'kudina. Ntchito yake ndi kutayipa, si kulangiza, ndipo sindimuimba mlandu. Wolakwa ndi amene wafika pamenepo alibe pepala lolembapo kale makosi ake.

Chaka chimodzi chotayika anthu amachiona chochepa. Muwerengere bwino. Pali ndalama ya fomu imene sibwerera. Pali fizi ya sukulu yamadzulo ndi ya mayeso ngati mwana aganiza zobwereza kuti akonze Masamu. Pali gulu latsopano la a Folomu 4 limene likubwera m'mbuyo kudzapikisana naye malo omwewo. Anyamata ambiri akangoyamba kabaza kapena geni "podikira", sabwereranso ku mabuku. Atsikana nkhani yake mukuidziwa. Ndipo choipa china n'chakuti mng'ono wake akuonerera, n'kumati ngati achemwali a mapointi 15 ali pakhomo, ine ndivutikiranji.

Chochita ndi ichi, mwachidule, poti zambiri mukuzidziwa kale. Aphunzitsi, sindikizani chidziwitso chatsopano cha NCHE, osati cha zaka zitatu zapitazo, muchimate pakhoma la kalasi ya Folomu 2 ndi Folomu 3 ana asanasankhe maphunziro, ndipo pa msonkhano wa makolo muchiwerenge m'Chichewa. Mwana amene zotsatira zake zatuluka atenge pepala, alembe magiredi ake onse mbali imodzi, mbali inayo alembe makosi okhawo amene maphunziro ake onse ofunika ali ndi kirediti. Kosi imene yaperewera phunziro limodzi ikhwatchidwe pomwepo, popanda "mwina adzandimvera chisoni". Pa otsalawo asadzaze fomu ndi makosi okhaokha amene aliyense akuthamangira. Asakanize ndi ena amene anthu sawalimbirana kwambiri. Asaiwale kuti kunja kwa mayunivesite asanu ndi imodzi aja kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa ku sekondale, kuli ma TTC a uphunzitsi wa ku pulayimale, Malawi College of Health Sciences, makoleji a zaumoyo a CHAM, ndi sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, ndipo ambiri mwa amenewa amalengeza malo paokha, nthawi yawoyawo. Koleji yoyima payokha muyambe mwafunsa ngati NCHE inaivomereza pamodzi ndi kosi imene mukufunayo. Ngongole ya HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, ili ndi fomu yakeyake, kusankhidwa si kupata ngongole. Dzina pa fomu lifanane ndi la pa zotsatira za MANEB ndi la pa chitupa cha unzika, nambala ya foni ikhale yanu osati ya mnyamata wa pa kompyuta, risiti ya ku banki muisunge.

Amene mukufuna kudzandiona, bwerani ndi mwanayo, osati amalume ake okha, ndipo mutenge pepala lenileni la zotsatira. Zithunzi za pafoni zojambulidwa mumdima zija sindithanso kusiyanitsa 1 ndi 7.