Mukapita kukaphunzira ku Scotland, musamangodzitsekera m'chipinda

Achimwene ndi achemwali anga a kuno ku Nkhotakota amene mwapeza mwayi wa sukulu ku Scotland, ndikuuzeni zomwe ine ndinazindikira mochedwa. Miyezi iwiri yoyamba ndinkangoti kalasi, chipinda, kalasi, chipinda, kuopa kuwononga ndalama. Nthawi imeneyo imandipwetekabe mtima.

Mukangofika gulani khadi ya sitima yotchedwa 16-25 Railcard. Imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa mtengo wa tikiti ya sitima, ndipo ngakhale mwapitirira zaka 25 amakupatsani, bola mukhale pa sukulu nthawi zonse. Ndi khadi imeneyi kwerani sitima pa siteshoni ya Glasgow Central mukatsike ku Blantyre ya ku Scotland komweko, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Ndi ulendo wa pafupifupi mphindi 20 basi. Banja lawo lonse linkagona m'chipinda chimodzi, pafupi ndi fakitale ya thonje yomwe iye anayamba kugwiramo ntchito ali ndi zaka 10. Ndinaima pakhomo pa kachipindako nthawi yaitali, maganizo ali pa mkuyu uja wa pa boma pano, pomwe anakambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo. Mkuyu womwe tinkaudutsa osauyang'ana n'komwe.

Ku Edinburgh, ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya National Museum of Scotland salipiritsa pakhomo, ndipo phiri la Arthur's Seat mumakwera ulere. Koma lawirirani. Mu Disembala ikamati 4 koloko kwayamba kale kuda, ndipo mphepo ya pamwamba paja imaposa mwera wa panyanja. Valani jekete yosalowa madzi, ndipo kamba nyamulani wanu m'chikwama, poti chakudya cha m'malo ofikako alendo n'chodula kwambiri.