Noise figure ya attenuator inkatuluka 6 dB m'malo mwa 3

Chipangizo cha passive (chomwe sichikulitsa signal), monga attenuator (yochepetsa mphamvu ya signal) kapena chingwe cha coax, chikakhala pa kutentha kwa 290 K ndipo mbali zonse zili pa 50 ohm, noise figure yake (muyezo wa phokoso la magetsi limene chimawonjezera pa signal) imafanana ndi mphamvu imene chimataya. Attenuator ya 3 dB iyenera kupereka 3 dB basi. Koma pulogalamu yanga yoyesera ma circuit pa kompyuta inkandionetsa zopitirira 6 dB.

Vuto lalikulu linali resistor ya 50 ohm yomwe ndinaika kumapeto ngati load (cholandira signal yotuluka). Pulogalamu imawerengera phokoso la resistor iliyonse, pomwe tanthauzo la noise figure silikhudza phokoso la load. Popeza phokoso lake limalingana ndi lochokera mu attenuator, zonse pamodzi zinkawirikiza kawiri, ndiye 3 dB yapamwambayo, poti kuwirikiza mphamvu kawiri ndi 3 dB. Nditaisintha kukhala yopanda phokoso, nambala inatsika.

Panatsalabe kachidutswa. Mapulogalamu a mtundu wa SPICE, oyesera ma circuit ngati yangayi, amayambira pa 27 °C, pamene muyezo wa IEEE (bungwe la akatswiri a zamagetsi) ndi 290 K, kapena kuti 16.85 °C. Kusiyanaku n'kochepa. Ndinaika kutentha pa 16.85 °C, ndipo inatuluka 3 dB ndendende.