Momwe mungajambulire akakombo a padziwe nthawi ya mvula ku Joni

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg timagwira ntchito ya m'magadeni, ndipo ena timasamalira timaiwe ta kunyumba za mabwana momwe mumamera akakombo a m'madzi. Kwathu ku Nsanje chomerachi timachidziwa chifukwa cha nyika, imene anthu amakazula m'madambo chaka cha njala. Kuno anachibzala kuti aziona maluwa basi. Ine chimandigwira mtima mvula ikamagwa, ndipo foni yomwe muli nayoyo ndi yokwanira kuchijambula bwino.

Yambani ndi nthawi, chifukwa ambiri amaphonya pamenepa. Kakombo wabuluu amatsegula duwa dzuwa likakwera, n'kulitseka chakumadzulo. Mvula ya kuno, kuyambira October mpaka March, imakonda kubwera madzulo omwewo ndi mabingu. Mukadikira imeneyo mukapeza maluwa atatseka kale. Tsiku labwino ndi la mvumbi kapena la mawawa a m'mawa, pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko. Mitambo imafewetsa kuwala, mtundu wa duwa umatuluka weniweni popanda mithunzi yakuda. Kukazizira kwambiri duwa limangotsegula pang'ono. Musabwerere, lijambuleni choncho, chifukwa madontho amakangamira bwino m'mbali mwake.

Za mphenzi sitichita nazo masewera. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo ziphaliwali zake ndi zoopsa. Mukaona kung'anima werengani: masekondi 3 aliwonse bingu lisanamveke ndiye kuti mphenziyo ili kilomita imodzi. Mukangomva bingu, chokani padziwe, pindani ambulera, lowani m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Foni ikulungeni m'jumbo yoonekera mkati, muboole pomwe pali galasi la kamera. M'thumba musunge kansalu kouma. Dontho limodzi pagalasipo limawononga chithunzi chonse, ndiye pukutani pafupipafupi.

Tsopano gwadani. Yalani saka m'mphepete mwa dziwe, mutsitse foni pafupi ndi madzi. Chithunzi chojambula mutaimirira chimaonetsa masamba ambirimbiri ndi matope, koma mukatsika duwa limaima palokha, mthunzi wake n'kuonekera m'madzi. Sankhani duwa limodzi lopanda chilema. Matalala a kuno amang'amba masamba, choncho tsamba lobooka kapena lachikasu lisunthireni pambali ndi kamtengo. Kumbuyo kwa duwalo kukhale madzi akuda kapena udzu, osati paipi ya pampu kapena khoma loyera.

Pa sikirini ya foni dinani pakati pa duwa, pachikasu paja, kuti kamera ilunjike pamenepo. Kenako chepetsani kuwala. Madzi akuda amanyenga kamera, imaganiza kuti kwada n'kuwalitsa mopyola, duwa n'kutuluka loyera mbee ngati pepala. Pa mafoni ambiri pamabwera kachizindikiro ka dzuwa, kokerani pansi pang'ono mpaka mitsempha ya duwa iyambe kuoneka. Flash zimitsani.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi la madontho. Ngati kamera ya foni yanu ili ndi Pro mode (pomwe mumadzisinthira nokha kajambulidwe), ikani shutter (liwiro lomwe kamera imaphethira pojambula) pa 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi. Dontho likagwa m'madzi limadzutsa kachisoti kakang'ono kamene diso silikaona, koma kamera imakagwira kali m'malere, timafunde tozungulira tikufalikira mpaka kukagunda tsamba. Poti kunja kwachita mdima, ISO (yomwe imathandiza kamera kuona mumdima) ikwezeni mpaka 400 kapena 800. Mukafuna mvula ioneke ngati tizingwe totsika, tsitsani shutter pa 1/60, zigongono muzitsamiritse pamwala kuti dzanja lisanjenjemere. Jambulani zambiri motsatizana. Tsiku lina ndinajambula mpaka mawondo kuchita dzanzi, ndipo chomwe ndinasunga ndi chimodzi chokha: njuchi yonyowa itabisala mkati mwa duwa, dontho likulendewera pamwamba pake.

Mvula ikakata musathamangire kuchoka. Madzi amakhala bata, madontho ali mbwee pamasamba ngati mikanda, atombolombo nawo amayamba kutera.

Ngati dziwelo ndi la kuntchito, pemphani kaye kwa eni ake, ndipo nyumba yawo isaoneke pachithunzi. Amene mulibe dziwe pafupi, yesani kukayenda ku Johannesburg Botanical Garden ku Emmarentia kapena ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort tsiku lomwe simuli pantchito, mukayang'ane m'maiwe a kumeneko.

Potumiza kumudzi pa WhatsApp, sankhani kutumiza ngati Document. Mukatumiza mwachizolowezi chithunzi chimafinyidwa, timadontho tija timafika titafufutika. Ndinatumiza ngati Document kwa amayi, iwo n'kundiimbira kufunsa ngati pansi pa maluwawo palinso nyika.