Kachule kanga ka Eunos: zoyenera kuyamba kukonza musanakongoletse

Ndinagula Eunos Roadster ya 1992 kwa bambo wina wa ku Limbe amene inali itamutopetsa. Ndi galimoto yomwe ija kwina amati Mazda MX-5, dzina la Eunos linali la ku Japan. Ili ndi mipando iwiri, denga lansalu, injini ya 1.6 ndi nyali zotuluka pamwamba ngati maso a chule, n'chifukwa chake ana a kuno ku Matawale amangoti kachule. Sabata yoyamba mtima wanga unali pa ekizozi yaphokoso ndi malimu onyezimira. Loweruka ndinati ndikaiyese ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Tisanafike n'komwe pamwamba, nthunzi kuti fuu pansi pa boneti. Mnyamata wogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu anandithandiza kuikankhira pambali, kenako n'kundiuza kuti, "Bwana, imeneyi ndi yojambulitsira zithunzi basi."

Chiyambire tsiku limenelo ndimakonza galimotoyi motsata zimene phiri la Zomba limafuna. Pokwera limayesa madzi a mu injini, potsika limayesa mabuleki. Zina zonse zimadikira.

Yambani ndi redieta. Tsekulani boneti injini ili yozizira, muyang'ane pulasitiki ya pamwamba pake. Ikakhala yatsopano imakhala yakuda bii. Ikayamba kuoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti yapsa ndi ukalamba, ikhoza kung'aluka tsiku lililonse. Yanga inali choncho, ine osadziwa tanthauzo lake. Musamate ndi guluu, gulani ina. Kusintha kwake si kovuta: masulani kotsekera ka pansi madzi atsikire m'beseni, chotsani mapaipi awiri aakulu, wapamwamba ndi wapansi, zulani mawaya a mafani, masulani zogwirira za pamwamba, kenako ikokereni m'mwamba. Mafani mumawasamutsira pa yatsopanoyo. Finyani paipi iliyonse ndi dzanja. Yofewa ngati nthochi yakupsa, kapena youma ngati chikuni, ichoke. Musaiwale timapaipi tiwiri ta kumbuyo topita ku hita, chifukwa timabisala ndipo anthu amatidumpha.

Thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha, ili kutsogolo kwa injini, pansi pa kachivundikiro ka mabawuti awiri. Alipo amakaniko amene amaichotseratu, ati kuno n'kotentha. Ine ndimakana. Injini yosafika pa kutentha kwake imamwa petulo ngati chidakwa, ndipo m'mwezi wa June kuno ku Zomba kumazizira ndithu. Ikani yatsopano. Pothira madzi, sakanizani coolant, mankhwala a mu redieta, ndi madzi oyera aja othira mu batire otchedwa distilled water, osati a pamjigo, amene amasiya zoyera zotseka timabowo ta redieta. Imikani galimoto mphuno italoza kumtunda, siyani chitsekerero cha redieta chotsekula, lizani injini mpaka fani itazungulira, mukuwonjezera madzi thovu likamatuluka. Beseni la coolant wakale musalisiye pabwalo. Amatsekemera, ndipo galu akanyambita amafa.

Taimingi beluti, lamba wamano amene amayendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni, imasinthidwa pa makilomita 100,000. Ngati amene anakugulitsani akungoti "inasinthidwa kale" popanda pepala, muitenge ngati sinasinthidwe. Mwayi wake injini imeneyi beluti ikaduka mavavu sagundana ndi mapisitoni, koma mudzagonabe pa Thondwe kudikira wokukokani. Sinthirani limodzi pampu ya madzi, poti ili kuseri kwa beluti yomweyo. Ntchito iyi koyamba ndinaigwira ndi makaniko pambali panga, ndipo ndikukulangizani zomwezo, makamaka ngati yanu ndi ya 1989 mpaka 1991. Zoyambirirazo zili ndi nsonga yaifupi ya kulankishafuti, ndipo bawuti yaikulu ya kutsogolo ikamangidwa mwachisawawa, mpata wa kiyi umadyeka. Pamafunika torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, osati paipi yolowetsa pa sipanala.

Tsopano mabuleki, pomwe ndimakhalitsa. Choyamba, musalowe pansi pa galimoto itakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Njerwa zowotcha zimaphwanyika osachenjeza. Masitandi achitsulo ngakhale wowotcherera wa pamsika akhoza kukupangirani, bola chitsulo chikhale chochindikala.

Brake fluid, mafuta a mabuleki, amakoka chinyezi cha mumpweya. Akakhalitsa, madzi ali mkatiwo amawira mabuleki akatentha, ndiye phazi limangopita pansi popanda kugwira. Ganizirani zimenezo mukutsika kuchokera ku damu la Mulunguzi, kutsogolo kuli munthu wokankha njinga ya nkhuni. Sinthani zaka ziwiri zilizonse, DOT 3 kapena DOT 4, wa m'botolo losatsekulidwa. Pamafunika anthu awiri. Kwathu amene amaponda ndi mayi a kunyumba, ine ndili pansi ndi sipanala ndi kapaipi kolowa m'botolo. "Pondani katatu! Gwirani pomwepo!" Ndimasula pang'ono, mafuta akuda n'kutuluka, ndimanga, kenako, "Siyani!" Iwo ali, "Bambo ake, mwendo watopa, kodi galimoto yake yosakwana ndi thumba la chimanga lomweyi?" Yambani ndi tayala lakutali ndi kathanki ka mafutawo, ndipo kathankiko kasaume, apo ayi muyambiranso.

Mabuleki akumbuyo a galimoto imeneyi ali ndi chinsinsi chimene chinandidyera kalipa imodzi, chitsulo chija chopanitsa mapadi pa disiki. Pisitoni yake siibwezedwa pokankha ndi mphamvu ngati yakutsogolo. Kuseri kwa kalipa kuli bawuti ya 14, mukaichotsa mkatimo muli kosinthira ka Allen key ya 4. Mumatembenuza kameneko kuti pisitoni ibwerere. Mukaika mapadi atsopano, tembenuzani mpaka agwire disiki, kenako bwezani pang'ono, gawo limodzi mwa atatu a kuzungulira. Mano ake ndi ofewa, choncho pakalimba imani. Ine ndinakakamiza, n'kumva kuti khotcho, ndipo kalipa ina ndinakaipeza ku Ndirande patatha masabata atatu. Tizitsulo tomwe kalipa imatsetserekapo tipukuteni n'kupaka girizi wa mabuleki. Potsika phiri khalani mu giya yachiwiri, injini izikugwirirani.

Mukapeza kalachi yafewa m'mawa ndipo magiya akukana kulowa, suzumirani slave cylinder, kampope kokankha kalachi, pambali pa giyabokosi. Kawirikawiri ndi imeneyo yadontha. Ndi mabawuti awiri ndi paipi imodzi basi.

Oyilo wa mu injini amalowa malita osakwana anayi. Mukachotsa mawaya a mapulagi n'kupeza oyilo m'mabowomo, ndi gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba. Kwina kodontha ndi kumbuyo kwa injini, pa crank angle sensor, pomwe pali kamphira kozungulira kamene kamauma ndi zaka. Musanaimasule lembani chizindikiro ndi msomali pamene yakhalira, chifukwa sensayi ndi imene imakhazika taimingi, nthawi yomwe mapulagi amathetheka moto. A Mazda anaika madigiri 10. Poyeza ndi timing light, tochi yoonera taimingi, mumalumikiza TEN ndi GND m'kabokosi kolembedwa Diagnosis ndi kawaya. Ena amakweza kufika pa 14 kuti iziyankha msanga, koma ine ndinasiya pa 10 pomwepo, poti ndimaitsitsiranso ku Liwonde mu October, kukutentha kwambiri. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndiye mapaipi a petulo a zaka makumi atatu muwayang'ane ming'alu, ndipo mukamva fungo musanyalanyaze.

Mvula ya kuno ndi mdani wina. Madzi otsika padenga lansalu amalowa m'mabowo awiri kuseri kwa mipando, pafupi ndi pamene malamba amachokera, n'kutulukira pansi. Masamba a paini ndi fumbi zikatseka, madziwo amakhala m'chitsulo cha pansi pa zitseko, dzimbiri n'kuyamba kudya kutsogolo kwa matayala akumbuyo. November asanathe ndimalowetsamo pang'onopang'ono chingwe cha buleki ya njinga, kenako n'kuthira kapu ya madzi kuti ndione ngati akutuluka pansi. Batire lili m'buti, kwezani kapeti muone ngati pansi pake pauma.

Zowonjezera ubwino wa galimoto ndiye izi, mmene ndikuonera ine. Matayala anayi abwino a mtundu umodzi, 185/60R14, mpweya 26 psi. Galimotoyi siifika ngakhale tani imodzi, ndiye opopa akaika 35 monga amachitira ndi minibasi, imangodumpha ngati chitete. Kenako mashokapu atsopano. Kuitsitsa pansi ayi. Ndi yotsika kale, ndipo mahampu a mumsewu wa ku Blantyre ndimawadutsa chammbali ngati nkhanu. Chotchipa chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi timphira ta pansi pa ndodo ya giya. Tanga tinali titang'ambika, kutentha kwa pansi kumawotcha mkono. Nditasintha n'kuthira oyilo wa giya pang'ono m'kachikho momwe ndodoyo imakhala, magiya anayamba kulowa kuti tcha, tcha.

Ekizozi ikadali yomwe ija inabwera ndi galimoto, ndinangowotcheretsa kabowo kamodzi. Mwezi wathawu ndinakweranso phiri masana dzuwa lili pamutu, muvi wa kutentha osasuntha pakati mpaka pageti pa Ku Chawe. Potsika ndinaima pa mnyamata uja. Anazungulira kachule kawiri, n'kugwira boneti ndi chikhato, kenako anakweza mtengo wa masitiroberi.